Duku likubisa zambiri: tsitsi la amayi likathothoka tisathamangire kuloza chala

Mng'ono wanga adatengedwa chitengwa kudera la mfumu yaikulu Nthache kuno ku Mwanza. Chaka chatha adatha miyezi inayi osavula duku pamaso pa munthu, ngakhale pamaso pa mwamuna wake. Ankagona nalo, kudzuka nalo, ndipo kubafa ankapita kukada. Ine ndinkangoti ndi ulemu wa mayi wa mwana wakhanda. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala atabwera paboma kudzagulitsa nandolo, adandikokera kuchipinda, n'kutseka chitseko, n'kumasula duku lija.

"Achemwali, taonani zimene zikundichitikira ine," adatero misozi ili chuchuchu.

Pamwamba pa mphumi ndi cha m'makutu padali posalala ngati pachikhatho. Pakati pa mutu tsitsi lidali lapatalipatali moti khungu linkaonekera. Kenaka adatulutsa kajumbo m'chikwama. Mudali tsitsi lonse lomwe lidathothoka chiyambire Juni. Ankaopa kulitaya.

Mutuwo udandimvetsa chisoni, koma chomwe chidandiopsa ndi nkhani yomwe idali itafala kale kumudzi. Apongozi ake adali atagamula kuti tsitsi la mtsikana wa zaka 26 silingathothoke lokha, pali wina adalitola padzala n'kukalikonza. Chala chinkaloza gogo wina wamasiye woyandikana nawo nyumba, yemwe ankabwera kudzawasesera pabwalo masiku a chikuta. Anyamata a pabanjapo adali atayamba kusonkherana ndalama zoti akaombeze kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, cha ku Zobue.

Ife a kuno sitingaiwale zomwe zidachitika kwa anansi athu ku Neno mu Januwale 2016, pomwe okalamba anayi adaphedwa atawaganizira za ufiti. Nkhani zotere zimayamba ndi manong'onong'o a pamtondo. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma mudzi ukakwiya palibe amakumbuka lamulo. N'chifukwa chake m'mawa mwake ndidamuuza mng'ono wangayo kuti ndalama ya nandolo isapite kwa sing'anga, tiyambe tapita kuchipatala.

Mafunso atatu

Kuchipatala chachikulu cha boma lino adamufunsa mafunso atatu asadamuyeze n'komwe. Mwana mudabereka liti? Mwadwalapo posachedwapa? Nanga tsitsi lanu mumalikonza bwanji?

Mwana adabadwa mu Malichi. Mu Epulo adagonekedwa ndi malungo. Za tsitsi, chisiyireni sukulu mutu wake sudapumeko: meshi ikachoka lero, mawa ina, ndipo kawirikawiri ankayamba waika mankhwala owongola tsitsi. Mu Meyi, pokonzekera ubatizo wa mwana, adalukitsa yothina kwambiri moti adamwa Panado masiku atatu kuti apeze tulo. Atamuyeza magazi adapeza kuti ndi ochepa. Mavuto adali atatu pamutu umodzi, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe lidachokera kwa gogo uja.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga za nkhaniyi, ndipo ndaona kuti amayi ambiri tikusenza mtolo womwewu mwakachetechete. Pitani mumsika wa Mwanza kapena ku Thambani, muwerenge maduku ndi mawigi. Ena avala chifukwa cha ulemu kapena kutchena, koma ena akubisa.

Tsitsi lili ndi nyengo zake

Munthu amakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000 m'mutu, ndipo lililonse lili ndi muzu wake pansi pa khungu. Limakula kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kenaka limapuma kwa miyezi ngati itatu, n'kugwa kuti lina limere pamalo pomwepo. Tsiku lililonse munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100. Mukamasula meshi yomwe yakhala miyezi iwiri n'kuona mulu wa tsitsi pachipeso, lambiri mwa ilo ndi lomwe lidagwa kale koma lidakodwa m'malukidwe.

Mayi akakhala woyembekezera, michere ya m'thupi yomwe achipatala amati mahomoni imachuluka ndipo imaletsa tsitsi lambiri kugwa. N'chifukwa chake amayi ena apakati tsitsi lawo limaoneka lodzadza. Akabereka mahomoni aja amatsika, ndipo tsitsi lonse lomwe lidachedwa kugwa limagwa pamodzi, makamaka pakatha miyezi iwiri mpaka inayi. Zomwezi zimachitika munthu akadwala matenda otentha thupi monga malungo, akachitidwa opaleshoni, akaonda mwadzidzidzi kapena akakumana ndi chisoni chachikulu monga maliro. Chosokoneza n'chakuti tsitsi limayamba kugwa munthu atachira kale, ndiye ambiri sagwirizanitsa ziwirizi. Apa mpomwe maganizo a matsenga amalowera.

Kuthothoka kwa mtundu umenewu sikupha mizu. Nthawi zambiri kumasiya kokha pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwana akamakwanitsa chaka tsitsi la mayi limakhala likubwerera.

Magazi akachepa, mutu umanena

Kafukufuku wa zaumoyo yemwe ofesi ya kalembera ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Zoyambitsa zake timazidziwa: malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kutaya magazi ambiri pa nthawi ya kumwezi, kubereka pafupipafupi komanso zakudya zosakwanira. Thupi likaperewera mchere wa ayironi kapena zakudya zomanga thupi, limayamba kusamalira mtima ndi ubongo, tsitsi limakhala kumapeto kwa mzere.

Mayi amene tsitsi likuthothoka, akumva kufooka, chizungulire, mtima kuthamanga akakwera kaphiri, ndipo m'zikope ndi m'zikhatho mwayera, akayezetse magazi. Mapiritsi oonjezera magazi omwe amapereka kusikelo ambiri timawasiyira panjira chifukwa amachititsa nseru kapena kudetsa chimbudzi. Mng'ono wanga adaulula kuti ake adathera pawindo.

Pa zakudya, ife a ku Mwanza tilibe chonamizira chachikulu. Nandolo, nyemba, khobwe, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, usipa, mazira ndi chiwindi zimathandiza. Komanso manachesi omwe timadzaza m'madengu kugulitsa kwa apaulendo pamsewu wa ku Blantyre ali ndi vitamini C, yemwe amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba. Nachesi mmodzi mukangotha kudya nsima amachita ntchito. Tiyi amachita zosiyana: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatchinga ayironi, choncho ndi bwino kumwa patapita ola limodzi kapena awiri. Tisamagulitse dengu lonse osasiyako a pakhomo.

Kukongola kopweteka

Vuto lomwe lafala kwambiri pakati pathu ndi lomwe madokotala amati traction alopecia, kutanthauza kuthothoka kwa tsitsi chifukwa chokokedwa. Limayambira pamwamba pa mphumi ndi m'mbali mwa makutu, pomwe tsitsi ndi lofewa, ndipo nthawi zambiri kutsogolo kwenikweni kumatsala kamzere ka titsitsi tating'ono, kumbuyo kwake kuli mbee.

Mu 2007 katswiri wa matenda a pakhungu wa pa yunivesite ya Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, pamodzi ndi anzake adatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe adachita ku Langa mumzindawo. Adapeza vutoli mwa amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse, ndi atsikana a sukulu 17 pa 100 alionse. Adaonanso kuti chiopsezo chimakula kwambiri pamene meshi kapena wivu yalumikizidwa ku tsitsi lomwe laikidwa mankhwala owongola. Malukidwe a ku Cape Town ndi omwewa tikuwaona m'masaluni athu, ndipo katundu wake wambiri amalowera pachipata chathu chomwechi cha Mwanza ndi mabasi ochokera ku Johannesburg.

Kuno atsikana ambiri a m'sukulu za boma amameta, ndiye mitu yawo imatetezeka. Vuto limayamba akangolemba mayeso omaliza. Aliyense amafuna kubweza zaka zonse za mpala. Ndiye pali nkhani ya ndalama. Kulukitsa n'kodula, choncho mayi amauza woluka kuti, "Mumange kwambiri kuti ikhalitse," n'kuisunga miyezi itatu kapena inayi. Woluka naye amaopa kuti akamasula dzanja kasitomala anena kuti sadziwa ntchito. Onse awiri akufuna zabwino, koma muzu ndiwo ukuvutika.

Thupi limachenjeza. Ngati mutu ukupweteka mukatha kulukitsa, ngati khungu latukuka ngati kahema patsinde pa malukidwe, ngati patuluka tiziphuphu kapena timafinya m'mbali, ngati simungathe kugonera mbali imodzi kapena kukweza nsidze, tsitsi lathina mopyola. Mankhwala ake si Panado, ndi kumasula tsiku lomwelo ngakhale mwalipira. Poyamba muzu umangotopa ndipo ukapumitsidwa umameranso. Koma kukoka kukapitirira kwa zaka, muzu umafa, pamalopo pamakhala chipsera chosalala, ndipo palibe mafuta omwe angameretse tsitsi pachipsera.

Duku lomangidwa mothina pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, lamba wa wigi, timapini take ndi guluu womatira wigi pamphumi zimaonjezera vuto lomwelo. Zomvetsa chisoni n'zakuti zinthu zomwe timabisira dazi ndi zomwenso zimalikulitsa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mankhwala owongola tsitsi nawo ndi oyenera kusamala. Ambiri ali ndi sodium hydroxide, soda wowotcha yemwe amayi opanga sopo amamugwira atavala magolovesi. Amawongola tsitsi pothyola mphamvu yake ya m'kati, ndiye tsitsi lowongoledwa limaduka msanga. Akakhalitsa m'mutu amawotcha khungu. Mawu akuti "pirirani pang'ono, akuyabwa chifukwa akugwira ntchito" awononga mitu yambiri. Ngati mukuwagwiritsa ntchito, papite masabata osachepera asanu ndi atatu musadaikenso, aikidwe pa tsitsi lomera kumene lokha, ndipo musalukitse meshi sabata yomweyo.

Palinso mtundu wina womwe umayambira paliwombo n'kumafalikira m'mbali pang'onopang'ono, nthawi zina ndi kuyabwa kapena kuwawa. Umagwira kwambiri amayi akuda ndipo umasiya chipsera. Mu 2019 akatswiri a maiko angapo, kuphatikizapo Ncoza Dlova wa pa yunivesite ya KwaZulu-Natal ku Durban, adaonetsa kuti mwa amayi ena vutoli limakhudzana ndi chibadwa chotengera kumtundu. Ngati amayi anu kapena azakhali anu ali ndi dazi la paliwombo, muzisamala koposa, ndipo mukaona zizindikiro pitani msanga kuchipatala. Chithandizo chimatha kuimitsa kufalikira, koma sichibweza pomwe pafa kale.

Matenda ena obisala kumbuyo kwa tsitsi

Nthawi zina tsitsi limakhala mthenga wa matenda ena. Chipere chimagwira kwambiri ana koma akulu sichiwasiya. Chimapanga zigamba zotuwa, zoyabwa, tsitsi litaduka mfupi, ndipo chimafala pobwerekana zipeso, maduku, mapilo ndi makina ometera. Cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha, chimafuna mapiritsi akumwa kwa masabata angapo.

Chindoko chikalowerera m'thupi chimatha kuthothola tsitsi mwa apo ndi apo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo chimachizika ndi jakisoni. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola kapena moperewera, tsitsi limapyapyala mutu wonse. Mankhwala ena a khansa amagwetsa tsitsi, koma limameranso munthu akamaliza kulandira chithandizo. Amayi ena amadandaula za tsitsi atayamba njira ina ya kulera kapena mankhwala ena a nthawi yaitali. Zikatero musasiye mankhwala panokha, kafotokozeni komwe mudalandira kuti aone chochita. Ndipo mayi akasiya kusamba, tsitsi la pakati pa mutu limapyapyala mwachibadwa, makamaka ngati kumtundu kwawo zilipo.

Mtundu womwe umaopsa anthu kwambiri ndi alopecia areata. Munthu amangodzuka n'kupeza kachigamba kozungulira, kosalala ngati ndalama yachitsulo, kosayabwa, ngati wina wamumeta ali m'tulo. Kumudzi kuno ameneyo amati wametedwa ndi afiti. Chomwe chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake. Sapatsirana, ndipo kwa ambiri omwe ali ndi zigamba zochepa tsitsi limameranso chisadathe chaka. Sasankha wolemera kapena wosauka. Katswiri wa mafilimu wa ku America, Jada Pinkett Smith, adaulula poyera mu 2018 kuti tsitsi lake likuthothoka, ndipo mu 2022 nthabwala yonena za mutu wake pamwambo wa mphoto za Oscar idachititsa mwamuna wake, Will Smith, kumenya mbama wanthabwala Chris Rock dziko lonse likuonera. Ngati nkhani ya tsitsi ingawawe chotero kwa anthu a ndalama zawo, nanga kwa mayi wa kwa Govati yemwe alibe woti n'kumuuza?

Tisataye ndalama pa mabotolo

Pamsika ndi pa WhatsApp padzadza mafuta olonjeza tsitsi lofika m'mapewa m'masabata awiri. Kumbukirani sentimita imodzi ija pamwezi. Mafuta a nsatsi omwe agogo athu ankadzola amafewetsa tsitsi ndi kuchepetsa kuduka, ndipo pa ntchito imeneyo ndi abwino, koma sadzutsa muzu wakufa. Kupaka adyo, tsabola kapena mankhwala otsukira m'mano pachigamba kumangowotcha khungu. Mankhwala ena opaka opanda dzina lomveka amakhala ndi zinthu zamphamvu zomwe zimapyapyalitsa khungu akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali.

Alipo mankhwala ovomerezeka otchedwa minoxidil omwe amathandiza amayi ena, makamaka a tsitsi lopyapyala la kumtundu. Amatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti zotsatira zioneke, ukawasiya tsitsi lija limabwereranso kugwa, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sayenera kuwagwiritsa ntchito popanda uphungu wa dokotala. Agulidwe kufamase yovomerezeka, osati pa tebulo la pamsika.

Njira yoyenera ndi yomwe ilipo kale. Yambani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ku Kunenekude, ku Tulonkhondo kapena ku Thambani. Zikafunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu paboma, ndipo zikavuta kuli akatswiri a pakhungu ku Gulupu mumzinda wa Blantyre. Pitani msanga ngati tsitsi likugwa kopyola miyezi isanu ndi umodzi, ngati pali zilonda, mafinya, kuwawa kapena chigamba chosalala chomwe chikukula, kapena ngati thupi lonse silili bwino. Ndipo mukafika, vulani duku. Dokotala sangachize mutu womwe sadauone. Safunsa adadya phula.

Mawu kwa oluka, abambo ndi apongozi

Kwa alongo athu a m'masaluni ndi oluka pansi pa mitengo, inu ndinu oyamba kuona mutu wa mayi, nthawi zina mwini wake asadadziwe. Mukaona m'mbali mwayamba kuyera, muuzeni mwaulemu. Siyani titsitsi ta kutsogolo, musatikakamize kulowa m'malukidwe. Lukani zikuluzikulu ndi zopepuka, ndipo mulangizeni kuti amasule pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu n'kupumitsa mutu. Tsukani zipeso mukatha munthu aliyense. Kasitomala yemwe tsitsi lake mwalisunga adzabwera zaka makumi awiri. Yemwe lamuthera adzagula wigi ndipo simudzamuonanso. Chimodzimodzi pa ana athu aakazi: mwana akamalira polukidwa, si kuti ndi wamwano, zikumupweteka.

Kwa abambo, mlamu wanga adandiuza yekha pambuyo pake kuti ankadziwa kuti china chake chalakwika koma ankaopa kufunsa. Adakumbukanso kuti iye ndiye ankakonda kuyamikira akazi a tsitsi lalitali pamaso pa mkazi wake. Mawu amenewo amakhala mumtima. Mayi amene akudziwa kuti kunyumba sakasekedwa savutika kumeta n'kuyambiranso.

Kwa apongozi ndi anamkungwi, mwambo wathu umalemekeza tsitsi. Timameta pamaliro, timameta pachinamwali, ndipo ambiri tidakula tikuuzidwa kuti tsitsi lometedwa silitayidwa poyera. Sindikunyoza zimenezo. Koma mukamalangiza mayi wa chikuta za kasamalidwe ka mwana, muonjezepo mawu amodzi: pakatha miyezi itatu tsitsi likhoza kuthothoka, usaope, lidzamera. Mawu amenewo akadanenedwa kwa mng'ono wanga, sakadasunga tsitsi m'kajumbo miyezi inayi.

Tsiku lomwe tidachoka kuchipatala ndidamuperekeza mpaka kumudzi. Tidakhala pamphasa ndi apongozi ake, ndipo ndidawaonetsa buku la kuchipatala momwe adalemba za magazi. Sadayankhe zambiri. Adangofunsa kuti, "Ndiye mukuti limera?" Ndidati lapakati limera, lam'mbali tiona. Ulendo wa ku Zobue udathera pomwepo, ndipo ndalama zomwe adasonkha zidagula usipa ndi mazira.

Mng'ono wanga adameta lonse, adamaliza mapiritsi ake, ndipo lero ali ndi tsitsi lalifupi lakuda bwino lomwe amangopesa ndi kudzola. Pakati padadzadza. Cha kukhutu lakumanzere kudamera, koma kumanja kudatsala malo ngati chala chachikulu pomwe sipadamere kanthu, ndipo adamuuza kuti mwina sipadzameranso. Duku amavala popita kutchalitchi ndi kumaliro basi.

Gogo uja adamva zonse zomwe zinkanenedwa za iye, poti kumudzi kulibe chinsinsi. Adasiya kubwera pakhomopo. Padatenga miyezi iwiri kuti apongozi aja atume mdzukulu kukamusiyira mbale ya ufa, ndipo mpaka lero akadutsa amangopereka moni ali kumsewu.